Tisangoti "Big Bang yaing'ono": umboni wake uli pa mbali imene tizidutswa timathawira

Akonzi,

Nkhani za ku CERN, malo ofufuzira za fizikisi pafupi ndi Geneva, zikafika m'manyuzipepala ndi pa wailesi zathu, mawu ake amakhala omwewo nthawi zonse: asayansi apanga "Big Bang yaing'ono", kutentha kwake nkoposa kwa dzuwa, basi nkhani nkuthera pomwepo. Za kutenthazo nzoona. Mu 2010 gulu la PHENIX la ku Brookhaven, m'dera la New York, linalengeza kuti pogundanitsa manyukiliyasi (timitima ta maatomu) a golide kutentha kunafika madigiri pafupifupi 4 thililiyoni, pamene pakati pa dzuwa pali madigiri 15 miliyoni okha. Koma akatswiri sanadzidzimuke ndi kutenthako, chifukwa ankakuyembekezera. Chimene chinawadzidzimutsa nchakuti chinthu chotentha chonchi, chimene ambiri ankaganiza kuti chidzakhala gasi, chinapezeka kuti chimayenda ngati chamadzimadzi. Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tifotokoze mmene zimenezi zimadziwikira, chifukwa mphunzitsi wa fizikisi kusekondale kapena wophunzira wa ku yunivesite akangopatsidwa mawu akuti "chamadzimadzi" popanda njira yoyezera, wapatsidwa chinthu choloweza pamtima, osati sayansi.

Tiyambe ndi zimene zimagundanitsidwa. Makina a RHIC ku Brookhaven, amene njira yake yozungulira ndi yotalika makilomita 3.8, anayamba ntchito mu 2000. Ankatenga maatomu a golide, kuwachotsa ma electron onse 79, nkutsala nyukiliyasi yokha ya mapulotoni 79 ndi manyutuloni 118. Manyukiliyasiwa ankathamangitsidwa mpaka 99.995 peresenti ya liwiro la kuwala, ena kuzungulira uku ena uko, kenako nkuwakumanitsa ndi mphamvu ya 200 GeV (GeV ndi muyeso wa mphamvu ya tizidutswa) pa pulotoni kapena nyutuloni ziwiri zilizonse zogundana. Makina a LHC a ku CERN, a makilomita 27, amagwiritsa ntchito mtovu wa mapulotoni 82 ndi manyutuloni 126. Anayamba kugundanitsa mtovu mu Novembala 2010 ndi 2.76 TeV (TeV imodzi ndi 1,000 GeV), mu 2015 anakwera kufika 5.02 TeV, ndipo mu 2023 anafika 5.36 TeV. Kutentha kukadutsa 155 MeV (1,000 MeV ndi GeV imodzi), amene ndi madigiri pafupifupi 1.8 thililiyoni, mapulotoni ndi manyutuloni amasungunuka, ndipo tizidutswa tating'ono totchedwa ma quark ndi ma gluon amene amakhala otsekeredwa mkati mwawo amamasuka. Chimenecho ndicho chimatchedwa quark-gluon plasma.

Kadontho ka plasma kameneka nkakang'ono ngati nyukiliyasi yomweyo, kukula kwake ndi mafemtomita 10 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo femtomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000,000 a mita. Kamakhala moyo nthawi imene kuwala kumatenga kuti kuyende mafemtomita 10 omwewo. Palibe kamera imene ingakajambule. Zimene zimafika ku ditekita, chipangizo chowerengera tizidutswa, ndi zotsalira zake katazizira: ma pion, ma kaon, mapulotoni ndi tizidutswa tina. Manyukiliyasi a mtovu akagundana maso ndi maso pa 5.02 TeV, tizidutswa tokhala ndi chaji toposa 20,000 timatuluka nthawi imodzi. Zonse zimene timadziwa za plasma zimachokera pa kuwerenga tizidutswa timeneti: mtundu wake, liwiro lake, ndi mbali imene tikulowera.

Pamtima pa nkhaniyi ndi apa. Kawirikawiri manyukiliyasi sagundana maso ndi maso, amakhudzana chakumbali. Mukaima moyang'anizana ndi njira imene akubwerera, muona zozungulira ziwiri zolowana pang'ono, ndipo malo olowanawo ndi osongoka uku ndi uku, ngati nthanga ya dzungu: aatali mbali imodzi, aafupi mbali inayo. Plasma imabadwa ndi maonekedwe amenewa. Tsono funsani kuti chichitike nchiyani. Ngati tizidutswa ta mkatimo sitikankhana, kalikonse kadzathawira kumene kanayambira kulowera, ndipo ditekita idzaona kuchuluka kofanana mbali zonse, chifukwa kachidutswa kamene sikakumana ndi kanzake sikangadziwe kuti kanabadwira m'malo osongoka. Koma ngati tikukankhana kwambiri, mkatimo mumabadwa mphamvu yokankhira kunja. Mphamvuyi ndi yaikulu pakati ndipo m'mphepete mulibe. Kumbali yaifupi imatsika kuchoka pamwamba kufika pa ziro pa mtunda waung'ono, choncho kukankha kwa mbali imeneyo nkwamphamvu kuposa kwa mbali yaitali. Zotsatira zake, tizidutswa tambiri komanso tothamanga kwambiri timatulukira kumbali yaifupi. Jean-Yves Ollitrault wa ku France ndiye analosera zimenezi mu 1992, makina a RHIC asanayambe nkomwe ntchito, ndipo dzina lake ndi elliptic flow.

Chimene chimachititsa kuti muyeso umenewu ukhale wamtengo wapatali nchakuti umadzizimitsa wokha. Mbali yaifupi ikamakula msanga, kadonthoko kamayamba kukhala kozungulira, ndipo kusiyana kwa kukankha kumatha. Ndiye kuti elliptic flow yambiri imapangika m'mafemtomita oyambirira a moyo wa kadonthoko, plasma ikadali yotentha kwambiri.

Kukula kwake kumalembedwa ndi nambala imodzi, v2, motsatira njira imene Sergei Voloshin ndi anzake anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1990. Tanthauzo lake nlosavuta. Kuchuluka kwa tizidutswa kumbali yaifupi kumayenderana ndi 1 kuphatikiza v2 kawiri, ndipo kumbali yaitali ndi 1 kuchotsa v2 kawiri. Ngati v2 ndi 0.06, umene ndi muyeso umene gulu la STAR linapeza m'chaka choyamba cha RHIC, ndiye kuti mbali imodzi ili ndi 1.12 ndipo inayo 0.88, kusiyana kwa 27 peresenti. Ngati ndi 0.10, monga zimakhalira ku LHC pa kugundana kwa chakumbali, ndi 1.2 pa 0.8: pa tizidutswa tiwiri tilitonse totulukira kumbali yaitali, titatu timatulukira kumbali yaifupi. Gulu la ALICE la ku LHC litayeza mu 2010 linapeza kuti v2 yakwera ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi ya ku RHIC, zimene zinagwirizana ndi masamu a zamadzimadzi.

Kuyeza kwenikweni kumayenda chonchi. Poyamba, kugundana kulikonse, kumene akatswiri amakutcha chochitika chimodzi, kumaikidwa m'gulu malinga ndi mmene manyukiliyasi analowanirana. Palibe amene angaone mtunda wa pakati pawo, choncho amagwiritsa ntchito kuchuluka kwa tizidutswa totuluka, kapena mphamvu ya manyutuloni amene sanagundidwe nkupitirira molunjika. Ku ALICE manyutuloni amenewa amagwidwa ndi zipangizo zimene zili pa mtunda woposa mamita 100 kuchokera pogundanirana, mbali zonse ziwiri. Zochitika 5 mwa 100 zimene zatulutsa tizidutswa tambiri kuposa zonse zimatchedwa gulu la 0 mpaka 5 peresenti, ndipo magulu enawo amatsatira. Elliptic flow imakhala yaing'ono m'gulu loyambali chifukwa malo olowana ndi ozungulira, imakula kufika pachimake cha m'ma 40 mpaka 50 peresenti, kenako imatsikanso chifukwa kadonthoko kamachepa kwambiri moti kamamwazika kasanakankhane mokwanira. Wosakaniza magulu amenewa amapeza nambala yopanda tanthauzo.

Kachiwiri, njira ya kachidutswa kalikonse imalondoledwa. Ku ALICE ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mgolo wa gasi wotalika mamita 5, woikidwa mkati mwa maginito a mphamvu ya 0.5 tesla. Kachidutswa kokhala ndi chaji kakamadutsa mu gasiyo kamasiya mkwasa wa ma electron, maginito amapinda njira yake, ndipo kupindikako kumaonetsa momentum yake, muyeso wodalira kulemera ndi liwiro lake. Kuchokera pa mkwasawo timapezanso ngodya imene katulukira mozungulira njira ya manyukiliyasi, kuyambira madigiri 0 mpaka 360.

Kachitatu ndi pamene pali vuto lenileni: mbali yaifupi ya nthangayo imasintha chochitika chilichonse, ndipo palibe amene amaidziwiratu. Njira yakale, imene Arthur Poskanzer ndi Voloshin analongosola mu 1998, ndi kuiyerekeza kuchokera ku tizidutswa tomweto. Pa kachidutswa kalikonse mumatenga ngodya yake kuwirikiza kawiri, nkuphatikiza ma cosine onse pamodzi ndi ma sine onse pamodzi. Nambala ziwirizi zimapanga muvi wotchedwa Q, ndipo theka la ngodya ya muviwo ndiyo mbali yoyerekezedwa. Kenako mumayeza mmene kachidutswa kalikonse kagonera poyerekeza ndi mbali imeneyo.

Zinthu ziwiri zimalakwika msanga apa. Choyamba, ngati kachidutswa kamene mukuyeza kali nawo m'gulu lopanga muvi Q, kamakokera muviwo kumbali yake, ndipo mumapeza v2 ngakhale pamene palibe kalikonse. Kachidutswako kayenera kuchotsedwa mu Q musanakayeze, kapena muviwo upangidwe ndi ditekita ina. Chachiwiri, mbali yoyerekezedwayo siyolondola kwenikweni chifukwa tizidutswa nthawi zonse timakhala towerengeka, ndipo kusalondolako kumachepetsa v2. Mankhwala ake ndi kugawa chochitikacho m'zigawo ziwiri kapena zitatu, kupeza mbali ya chigawo chilichonse payokha, kuona mmene zikusiyanirana, nkugawa v2 ndi nambala yokonzera imene yatuluka pamenepo. Tizidutswa tikachepa, nambala yokonzerayo imatsika kwambiri ndipo cholakwika chilichonse chaching'ono chimakulitsidwa.

Chifukwa cha zimenezi ambiri masiku ano sayerekezanso mbaliyo, amangoyeza kugwirizana kwa tizidutswa tiwiritiwiri. Ngati tizidutswa tilipo M, mumatenga kutalika kwa muvi Q kuchulukitsa ndi kutalika komweko, kuchotsapo M, nkugawa ndi M kuchulukitsa ndi (M kuchotsa 1). Kuchotsa M kuja ndiko kuchotsa kachidutswa kodziyerekeza nkokha. Avareji ya zochitika zonse za m'gululo ikapezeka, square root yake ndiyo v2.

Koma nayinso ili ndi msampha, ndipo tikufuna kuti owerenga aumvetse bwino chifukwa ndi umene umasiyanitsa muyeso wodalirika ndi wokayikitsa. Tizidutswa tiwiri tikhoza kuyendera limodzi pa zifukwa zosakhudzana ndi plasma. Kachidutswa kotchedwa rho kamasweka kukhala ma pion awiri, ndipo awiriwo amatuluka mogwirizana. Quark yamphamvu ikamenyedwa imatulutsa mtolo wa tizidutswa tolowera mbali imodzi, wotchedwa jet, kawirikawiri ndi mtolo wina kumbuyo kwake, ndipo mitolo iwiri yoyang'ana mosemphana imaoneka ndendende ngati elliptic flow. Kukula kwa chinyengo chimenechi kumayenderana ndi 1 kugawa ndi square root ya M. Pa tizidutswa 1,000 ndi pafupifupi 0.03, chimene chili pansi pa 0.10 koma sichonyozeka. Pa tizidutswa 100 ndi 0.10, kufanana ndi chimene mukufunacho. Njira imodzi yochepetsera ndi kuyerekeza tizidutswa totalikirana motsatira njira ya manyukiliyasi, kena kakutsogolo kena kakumbuyo, chifukwa ana a rho ndi tizidutswa ta mu jet imodzi timakhala moyandikana. Njira ina, ya Nicolas Borghini, Phuong Mai Dinh ndi Ollitrault ya mu 2001, ndi kuyeza kugwirizana kwa tizidutswa tinayi nthawi imodzi nkuchotsapo zonse zochokera kwa tiwiritiwiri. Kuti tizidutswa tinayi tigwirizane mwangozi nkovuta, choncho pa tizidutswa 100 chinyengo chija chimatsika kufika cha m'ma 0.03. Mtengo wake ndi wakuti pamafunika zochitika zambirimbiri, komanso nambala yotulukayo iyenera kukhala yochepera ziro kuti v2 ipezeke. Ikakhala yoposa ziro, muyesowo walephera ndipo wolemba woona mtima amanena choncho.

Ditekita nayonso imanamiza. Ngati chigawo chimodzi chafa kapena sichikuona bwino, tizidutswa timasowa mbali imeneyo m'zochitika zonse, ndipo masamu amawerenga kusowako ngati flow. Nchifukwa chake muvi Q umayamba wakonzedwa kuti avareji yake pa zochitika zambiri ikhale ziro, popeza chilengedwe sichikondera mbali iliyonse ya makina. Palinso nthawi imene kugundana kuwiri kumachitika moyandikana kwambiri nkuwerengedwa ngati kumodzi. Zikatero mbali ziwiri zosagwirizana zimasakanikirana, v2 imatsika, ndipo chochitikacho chimaikidwa m'gulu lolakwika.

Nambala imodzi siyikanakhutiritsa aliyense. Chimene chinalimbitsa mfundoyi ndi mmene v2 imasinthira ndi mtundu wa kachidutswa. Pion imalemera 140 MeV, kaon 494, pulotoni 938. Ngati zonse zikutengedwa ndi chamadzimadzi chimodzi pa liwiro limodzi, lomwe ku LHC limafika pafupifupi 65 peresenti ya liwiro la kuwala, zolemera zimakankhidwira ku momentum yaikulu. Choncho pa momentum yaing'ono yofanana, v2 ya pion iyenera kukhala pamwamba, ya kaon pakati, ya pulotoni pansi, ndipo ndi mmene zinapezekeradi. Pa momentum ya cha m'ma 2 mpaka 3 GeV dongosololi limatembenuka: tizidutswa ta ma quark atatu monga pulotoni timapitirira ta ma quark awiri monga pion. Ku RHIC, pogawa v2 ndi chiwerengero cha ma quark, mizere ya mitundu yosiyanasiyana inatsala pang'ono kugwera pamodzi, chizindikiro chakuti zimene zinkayenda poyambapo ndi ma quark, osati mapulotoni. Ku LHC kugwirizanaku nkongoyerekeza chabe, sikokwanira. Pamwamba pa 10 GeV v2 ilipobe, koma chifukwa chake nchina: quark yodutsa kumbali yaitali imataya mphamvu zambiri kuposa yodutsa kumbali yaifupi. Kutcha zimenezo kuyenda kwa chamadzimadzi nkulakwitsa.

Mu Epulo 2005 magulu anayi a ku RHIC, STAR, PHENIX, PHOBOS ndi BRAHMS, analengeza kuti apeza chamadzimadzi "changwiro" pafupifupi. Mawu amenewa ambiri amawamva molakwika. Viscosity, kutanthauza kukanizana kwa mkati kumene kumalepheretsa chinthu kuyenderera, ya plasma ndi yaikulu zedi, kuposa ngakhale ya phula. Chochepa ndi viscosity ikagawidwa ndi kuchuluka kwa entropy, muyeso wa chisokonezo cha mkati mwa chinthu. Chaka chomwecho Pavel Kovtun, Dam Thanh Son ndi Andrei Starinets anapereka ganizo lakuti nambala imeneyi singatsike kupitirira 1 kugawa ndi 4π, pafupifupi 0.08 m'miyeso ya akatswiri a nkhaniyi. Madzi wamba ali pamwamba pa malirewa kokwana mazana angapo, pamene plasma ili pakati pa kamodzi ndi katatu. Njira yopezera nambalayi ndi kuwerengetsa pa kompyuta mmene kadonthoko kangakulire ndi viscosity zosiyanasiyana, nkuona imene ikugwirizana ndi v2 yoyezedwa. Chovuta nchakuti yankho limadalira kusongoka kwa poyambira, kumene sitingakuone: kadontho kosongoka kwambiri ka viscosity yaikulu kakhoza kupereka v2 yofanana ndi kosongoka pang'ono ka viscosity yaing'ono.

Mfundo imene inathandiza kumasula izi inabwera mu 2010, pamene Burak Alver ndi Gunther Roland anaonetsa kuti palinso v3. Kwa zaka zambiri anthu ankaiyesa ziro, poganiza kuti nyukiliyasi ndi mpira wosalala. Koma mapulotoni ndi manyutuloni amakhala pamalo osiyana pa kugundana kulikonse, choncho kadonthoko kakhoza kubadwa ndi nsonga zitatu, ndipo tizidutswa timatulukira mbali zitatu. Viscosity imafafaniza v3 msanga kuposa v2, ndiye kuti amene akuwerengetsa ayenera kugwirizanitsa zonse ziwiri nthawi imodzi, zimene zimachepetsa mpata wobisala.

Sitikufuna kuti owerenga aganize kuti nkhaniyi inatsekedwa. Mu Seputembala 2010 gulu la CMS la ku LHC linapeza kugwirizana kofanana ndi kumeneku pogundanitsa mapulotoni okhaokha, m'zochitika zosowa zotulutsa tizidutswa toposa 100, ndipo mu 2012 zinaonekanso pogundanitsa pulotoni ndi mtovu. Awa ndi magundanidwe amene ankatengedwa ngati poyerekezera, opanda plasma. Ena amati nako ndi kadontho kakang'ono ka chamadzimadzi, ena amati kugwirizanako kunalipo kale mu ma gluon kugundana kusanachitike. Ife tikuona kuti umboni wa kadontho ndi wamphamvu pa pulotoni ndi mtovu, koma pa mapulotoni okhaokha mpofunika kusamala, chifukwa ndi pamene tizidutswa tili tochepa ndipo chinyengo cha ma jet chili pachimake. Nkhani ikabwera yakuti plasma yapezeka m'kagundanidwe kakang'ono, mtolankhani afunse ngati kuyeza kwa tizidutswa tinayi kunachitika, ndiponso kuti ma jet anachotsedwa bwanji.

Akatswiri a ku South Africa, a ku iThemba LABS ndi mayunivesite a Cape Town ndi Witwatersrand, ali nawo m'gulu la ALICE, choncho si nkhani yakutali kwa wophunzira wa m'chigawo chathu chino. Ndipo poyambira sipafunika makina a makilomita 27. Mphunzitsi amene ali ndi kompyuta ndi pulogalamu ya Python akhoza kupanga zochitika 1,000 zongoyerekeza, chilichonse ndi mbali yakeyake yosankhidwa mwachisawawa ndi tizidutswa 500 togawidwa ndi v2 ya 0.08. Ophunzira awerengetse muvi Q ndi njira ya tiwiritiwiri ija, aone ngati 0.08 ibwerera. Kenako abwereze osachotsa M, aone nambala ikukwera. Pomaliza aike v2 pa ziro, nkufufuta tizidutswa tonse ta m'chigawo chimodzi cha madigiri 30, ngati kuti mbali imeneyo ya ditekita yafa. Masamu adzawapatsa v2 ya pafupifupi 0.09 pamene palibe kukankhana kulikonse, ndipo ntchito yotsatira ikhale kuikonza mpaka ibwerere pa ziro.

Ndife,
Aphunzitsi ndi ochita kafukufuku wa fizikisi